Tayala Limene Agogo Anakana Kumata

Fungo la guluu womatira machubu likandilowa m'mphuno, kaya ndili pamsika wa Limbe kaya pa siteji ya minibasi, ndimabwerera pansi pa mtengo wa mango wa m'mbali mwa mseu, chakumtunda kwa Namitambo, pamene agogo anga aamuna, Che Amidu, ankakonzera njinga. Ndimawaona atakhala pachitsa, kofia ili kumutu, magalasi omanga ndi ulusi ali pamphuno, akumiza chubu m'beseni la madzi akuda pang'onopang'ono ngati akusambitsa khanda, uku akudikira timathovu toulula pamene munga walowa. Kuseri kwa nyumba kunkachokera utsi wa mapesi amene amayi ankasonkhezera moto, mumseu munkalira mabelu a njinga za anthu opita kumsika ndi matumba a nandolo ndi nkhuku zolendewera chadodolido, ndipo pakati pa phokoso lonselo mpope wa agogo unkangoti fii, fii, fii, kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoswali masana.

Agogo sanali munthu wa nkhani zambiri. Ali mnyamata anagwirapo ntchito m'galaja ina ku Limbe, koma za kumeneko sankakonda kuzikamba. Ine ankanditcha mkazi wawo, monga agogo amachitira ndi adzukulu, ndipo ndikaweruka kusukulu ankandisungira chinangwa chootcha m'kachitini ka masipoko. Njinga zambiri zimene zinkabwera zinali zakapalasa. Zamoto m'dera lonselo zinali zowerengeka: ya ansembe, ya aphunzitsi aakulu, ndi ya alangizi a zaulimi. Agogo ankazikonza zonsezi, koma palibe amene anawaonapo atakwera njinga yamoto. Akamaliza kukonza ankangouza mwiniwake kuti ailize, iwo ataima poteropo, manja kumbuyo.

Ndinali Sitandade 3 chaka chimene a Chikopa anabwera kudzakhala mlangizi kwathu. Anali bambo wachinyamata wochokera chigawo chapakati, wansangala, wothamanga m'zonse. Ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pathu. Lachitatu lina masana tinawaona akubwera wapansi, akukankha njinga yawo yamoto, thukuta lili kamukamu, tayala lakutsogolo litaphweratu.

"Che Amidu, ndimatireni msanga. Mawa ndili ndi msonkhano wa alimi kutsidya," anatero.

Agogo ananjuta, n'kuyendetsa chala chawo m'mbali mwa tayalalo mpaka chinalowa pamene linang'ambika. Bala lake linali lotalika ngati chala changa chamkombaphala, ulusi wam'kati uli panja ngati ndevu za chimanga.

"Mwaponda chiyani?"

"Khasu lothyoka. Linali mu udzu."

"Ili sindimata, alangizi."

A Chikopa anaseka poganiza kuti n'zocheza. "Inuyo? Anthu onse kuno amati palibe chimene chimakukanikani."

"Chubu ndingamate, si nkhani. Msomali kapena munga ukalasa pamsana, pamene tayala limapondera dothi, timamata chubu munthu n'kumapita. Koma ili lang'ambika m'nthiti." Agogo ankatchula choncho m'mbali mwa tayala. "Bala la pamsana limapola. La m'nthiti silipola. Ulusi waduka, ndiye chubu chidzatulukira pomwepa. Komanso ndi lakutsogolo. Lakumbuyo likaphulika umavina nayo njinga mpaka kuima. Lakutsogolo likaphulika umapsompsona mseu."

"Ikani chigamba m'kati musoke. Kwathu amatero, ndipo anthu akuyenda."

"Akuyenda amene mukuwaonawo. Enawo simungawaone. Funani latsopano."

"Latsopano mpaka ku ofesi alembe makalata, lichoke ku Blantyre, mwezi watha! Alimi azindidikira mwezi wathunthu chifukwa cha kabala aka?"

"Azikudikirani. Wodikiridwa amafika."

A Chikopa anakwiya zedi. Anati agogo ndi nkhalamba yamantha, ndipo Loweruka adzatenga njingayo kupita nayo kwa wina wodziwa ntchito ku Namitambo. Anaitsamiritsa pamtengo wa mango n'kuchoka osatsanzika. Agogo anangotola chubu chimene ankamata n'kupitiriza, koma tsiku limenelo anaiwala kundipatsa chinangwa changa.

Lachisanu lake kusukulu sitinapite, sindikumbukanso chifukwa chake, ndipo amayi anandituma kumunda kukathyola nandolo wamuwisi wa ndiwo. Inali nyengo yachilimwe chikuyamba, masamba ouma ali mbwee pansi pa mitengo ya nandolo, ine wopanda nsapato ngati ana onse a masiku amenewo. Sindinaione. Ndinangomva kupemerera kwaukali, fuuu, kenako ngati munthu wandikhoma misomali iwiri yamoto pamwamba pa phazi lakumanzere. Nditayang'ana pansi ndinaona mphiri, yonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, mawanga ake ofanana ndendende ndi masamba aja, yosathawa n'komwe, ikungondiyang'ana.

Mfuwu wanga unafika kunyumba ine ndisanafike. Amayi anakumana nane m'njira, anandibereka, n'kudzanditula pamphasa pansi pa mango. Pofika pamenepo phazi linali litatupa kale, zala zitatalikirana, khungu likunyezimira ngati lapakidwa mafuta. Ululu wake sindingaufotokoze. Unkakwera mwendo ngati moto wolusa udzu. Anthu anasonkhana. Mayi wina anandimanga nsanza pansi pa bondo, wina ankati aitane wotema mphini, wina ankalira ngati maliro achitika kale. Kachipatala kapafupi kanali komanga mabala wamba, ndipo aliyense ankadziwa kuti za njoka n'za ku Nguludi, kuchipatala cha mishoni. Koma basi inali itadutsa m'mawa, ina mpaka mawa lake. Panjinga yakapalasa, ndi zitunda za kwathu zija, tikanafika dzuwa litapendeka.

Agogo anatuluka m'nyumba atavala mkanjo wawo woyera, chifukwa nthawi yopita kumzikiti inali itayandikira. Amayi anawagwira miyendo.

"Ababa, mwana akupita! Ababa, chitanipo kanthu!"

Agogo anayang'ana phazi langa, anayang'ana mseu wopanda kanthu, kenako anayang'ana njinga yamoto ija pamtengo. Anaiyang'ana nthawi yaitali ndithu. A Chikopa anali atafika kale atamva kulira, ataima kumbuyo kwa anthu, mkwiyo wa Lachitatu uja utawathera.

"Alangizi," agogo anatero, "mafuta alimo?"

"Alimo."

"Gwirani apa ndimasule."

Ndinali chigonere pafupi ndi chitsa chawo, ndiye ndinaona zonse. Agogo anamasula tayala lakutsogolo, analitsegula ndi zitsulo zawo ziwiri, anasolola chubu n'kuchimata. Kenako anadula chidutswa cha tayala lina lakale, anachipala m'mphepete ndi mpeni kuti chisadzatafune chubu, anachipaka guluu, n'kupakanso m'kati mwa tayala pamene panali bala. Atatero anaziika pachitsa n'kumadikira. Guluu ameneyu safuna kumata ali wamadzi, amayenera kuyamba wauma kaye. Tsiku lililonse ndinkawaona akudikira choncho osaonapo chachilendo, koma tsiku limenelo kudikirako kunali ngati chaka.

"Ababa, matani! Mukudikira chiyani?" amayi anakuwa.

"Guluu sauma ndi misozi, mwanawe. Ndikafulumira pano, tikagona m'njira."

Atamata anatenga singano yosokera matumba ndi ulusi wolimba wochotsa m'matayala agalimoto, n'kuyamba kusoka balalo pamodzi ndi chigamba chija. Manja amene ankalowetsa timipira tachitsulo m'habu, pakati pa wilo, mosagwetsa ngakhale kamodzi, tsiku limenelo anaphonya mpaka anadzibaya chala chachikulu. Magazi ndi girisi zinadetsa mkanjo uja, iwo osazindikira. Kumzikiti muazini anaitana, anamaliza, agogo ali weramu.

Agogo akupopa, a Chikopa anawayandikira n'kulankhula motsitsa mawu, koma ine ndinamva.

"Che Amidu, paja munati limeneli n'lakupha."

"Ndinatero, ndipo mawu anga sindinabweze. Koma njoka yayamba kale kupha. Tayala silinayambe."

Anandikhazika pakati, a Chikopa kutsogolo, agogo kumbuyo atandikumbatira, mwendo wanga atautsamiritsa pa ntchafu yawo. Anthu amene analipo anadabwa kuona Che Amidu akukweza mwendo panjinga yamoto. Amayi anandikulunga chitenje chawo, n'kunena kuti atitsatira wapansi akapeza wowasungira khanda.

"Buleki yakutsogolo musaikhudze," agogo anawauza a Chikopa. "Pamiyala chepetsani. Ndikati imani, muziima."

"Bismillahi," anatero m'khutu mwanga, ndipo tinanyamuka.

Tayala lija likazungulira, chigamba chinkagunda du, du, du, ndipo kugundako kunkadutsa m'chitsulo cha njinga mpaka m'phazi langa. Fumbi linkalowa m'kamwa, minda ya chinangwa inkadutsa ngati ikuyandama, ndipo agogo ankangonong'ona mapemphero, ndevu zawo zikundikanda khosi. Mtima wawo ndinkaumva pamsana panga ukugunda mofulumira kuposa tayala. Ndinasanza kawiri. Kutupa kunali kutadutsa kakolo, kukukwera katumba.

Titayenda ndithu agogo anati, "Imani." Anatsika, ananjuta kutsogolo. Ndinasuzumira ndipo ndinaona kuti pamene anasoka paja patupa ngati dzira la njiwa. Agogo anakweranso.

Kachiwiri anatiimitsa pamwamba pa chitunda chachitali, pamene mseu umatsetsereka kupita kukamlatho ka matabwa, phiri la Malabvi likuoneka patsogolo. Apa chotupa chija chinali ngati dzira la nkhuku, ndipo ulusi uwiri unali utaduka, ukulendewera. A Chikopa nawonso anachiona.

"Sitifika," anatero.

Agogo anaimirira pang'onopang'ono, akugwira mawondo. Anamasula chitenje cha amayi, anandikankhira pamsana pa a Chikopa, n'kundimangirira kwa iwo ngati khanda, mfundo ziwiri zolimba pachifuwa pawo. Ndinazindikira zimene ankachita pamene anabwerera m'mbuyo osakwera.

"Agogo, musandisiye!"

"Ndine wolemera, mkazi wanga. Potsetsereka apa kulemera konse kupita kutsogolo. Tayala ili silingatinyamule atatu."

"Agogo, ndikuopa!"

"Nanenso ndikuopa. Gwira malaya a alangizi, usatseke maso." Kenako anatembenukira kwa a Chikopa. "Mwana uyu mukamupereke m'manja mwa asisitere. Likaphulika musalimbane nayo njinga, igwetsereni ku udzu. Pitani."

Ndinatembenuza khosi mpaka kuwawa. Agogo anali ataima pakati pa mseu, mkanjo ukuuluzika ndi mphepo, akucheperachepera mpaka fumbi linawameza. Kuyambira pamene njoka inandiluma, apa m'pamene ndinaganiza koyamba kuti ndifa, ndipo ndifera pamsana pa munthu wachilendo.

A Chikopa anatsetsereka mapazi onse awiri akukwekwesa pansi. Pamlatho matabwa analira gudugudu, ine n'kutseka maso, koma tinaoloka. Malaya awo anali atanyoweratu. Mutu wanga unayamba kulemera, maso akuchita chidima, ndipo iwo anamva kuti ndikulefuka.

"Asiyatu! Usagone. Nditchulire mayina a anzako a m'kalasi."

"Patuma."

"Wina?"

"Esinati... Mariyamu..."

"Wina! Kweza mawu!"

Ndinatchula atsikana onse, ndinayamba anyamata, ndinabwerezanso atsikana. Du, du, du, kugunda kuja kunkakulirakulira, ndipo chiwongolero chinkagwedezeka moti mikono ya a Chikopa inkanjenjemera mpaka m'mapewa. Kenako iwo anafuula kuti, "Taona, denga la tchalitchi ilo!" Ndinadzutsa mutu kuti ndione.

Phuu!

Kunamveka ngati mfuti. Kutsogolo kwa njinga kunagwa, chiwongolero chinapotokera uku ndi uku, a Chikopa anakuwa, ndipo ndinaona thambo, dothi, thambo. Tinagwera m'ngalande ya m'mbali mwa mseu. Iwo anagwa chafufumimba, dala, kuti ine ndikhale pamwamba. Phazi langa linamenya pansi ndipo ndinakuwa mpaka mawu anatha. Njinga inali chigonere pambali, tayala lakumbuyo likuzungulirabe.

Mwayi wake tinkayenda pang'onopang'ono. Ngakhale zinali choncho, bondo la a Chikopa linang'ambika pamwala, chibwano chinatseguka, ndipo chitsulo chotulutsa utsi chinawaotcha katumba. Sanandimasule. Anadzuka nane pamsana pomwepo, nsapato imodzi itavuka, n'kuyamba kuthamanga motsimphina, magazi akudontha, akungoti, "Wina, Asiyatu, tchula wina." Chimene ndimakumbukira pomaliza ndi khonde lozizira, fungo la mankhwala, ndi mayi wovala zoyera akudula nsanza ija pamwendo panga ndi sizasi.

Za agogo ndinazimva pambuyo pake kwa amayi. Agogowo anayenda mtunda wonse wotsalawo, pena kuthamanga pena kuyenda, munthu wa zaka zimene anali nazozo. Atayandikira mishoni anapeza njinga yamoto ili gone m'ngalande, tayala litayasama pamene anasoka paja, magazi pamiyala, nsapato imodzi yachibambo ndi kampango kanga ka kumutu. Munthu panalibe woti amufunse. Akuti anakhala pansi m'ngalandemo atagwira kampangoko, osatha kupita kutsogolo, osatha kubwerera. Anawadzutsa ndi mayi wina wochokera kuchipatala ndi mtanga wa mbale, amene anati, "Bambo, ngati mukulira mwana wa njoka uja, ali moyo. Ndamusiya akumubaya jakisoni."

Nditatsegula maso dzuwa linali litapendeka, likulowera pazenera. Agogo anali ataima pakhomo la chipindacho, mkanjo uli bii, kofia ili m'manja. Anaima pamenepo nthawi yaitali osalowa. Kenako anabwera, anaika dzanja lawo lonunkha girisi pamutu panga. Atachoka apo anapita kuchipinda cha abambo kumene a Chikopa ankasokedwa chibwano, ndipo akuti anagwada pansi pamaso pa mnyamata amene anawatcha nkhalamba yamantha uja.

Ndinakhala m'chipatala milungu itatu. Mwendo anaupulumutsa, koma zala ziwiri zakumapeto zinada, ndipo anazidula. A Chikopa anayenda ndi ndodo mwezi wathunthu, ndipo misonkhano ya alimi ankapita wapansi mpaka tayala latsopano linafika. Long'ambika lija agogo analidula zidutswazidutswa ndi chikwanje, kuti wina asadzalitole.

Mbiri inawanda kuti chigamba cha Che Amidu chinapulumutsa mwana. Anthu anayamba kubwera ndi matayala ong'ambika m'nthiti, ena ochokera kutali, akunena kuti, "Timatireni ngati la alangizi lija." Agogo anawabweza onse, ndipo ena anachoka akunyoza. Ine zinkandidabwitsa, ndipo nditakula pang'ono, ndili ku sekondale, ndinawafunsa tsiku lina tili awiri pansi pa mango.

"Agogo, bwanji mumakana? Si chigamba chomwecho chinandifikitsa ku Nguludi?"

Anaika chubu pansi n'kuvula magalasi.

"Sichinakufikitse. Anakufikitsa ndi msana wa alangizi, ndi Mulungu." Anayamba kupukuta magalasi aja. "Ku Limbe ndinali ndi mnzanga, Yusufu. Tinkadyera mbale imodzi. Anabwereka njinga yamoto kuti akaone mkazi amene ankamufunsira ku Thyolo, tayala lake linali ndi bala ngati lomwe lija. Anandichonderera, ine ndinasoka, ndipo ndinasoka bwino kuposa la tsiku lako lija, chifukwa ndinali ndi nthawi. Linaphulika potsetsereka. Mtembo wake ndinausambitsa ndine."



"Ndiye tsiku lija munalakwa kapena munakhoza?" ndinafunsa.

"Ndinaika mwana wa mwana wanga ndi mwana wa eni pa chinthu chimene ndinkadziwa kuti chiphulika. Ndipo chinaphulikadi. Kupulumuka kwanu sikukutanthauza kuti chigamba chinali chabwino. Njoka itakulumanso lero, basi kulibe, ndingasokenso. Koma munthu wothamangira msonkhano, kapena mkazi, kapena msika, ameneyo ayende wapansi."

Agogo anatisiya ndili ndi mwana wanga woyamba. Masiku ano ndimagulitsa nsalu ku Limbe, ndipo ndikamapita kumudzi, pamene minibasi imatitsitsira pamakhala anyamata a njinga zamoto ali ndandanda, akulimbirana makasitomala. Ine ndisanakwere ndimatula chikwama, ndimanjuta, n'kuyendetsa chala m'mbali mwa tayala lakutsogolo, mbali zonse ziwiri. Anyamatawo amaseka. "Mayi, mwataya chiyani pansipo?" Ena amakwiya n'kundithawa, ena amandizindikira kale n'kumauzana kuti wabwera mayi wa matayala.

Mwezi wathawu kumudzi kunali chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wanga. Pa siteji ndinapeza njinga ziwiri zokha. Ina tayala lake linali losalala ngati chipande, inayo tayala lake linali losokedwa m'mbali ndi waya. Mwini wake, mnyamata waulemu ndithu, anati wayenda nalo miyezi iwiri popanda vuto. Ndinamuuza za Yusufu, ndinamuvulira nsapato kumuonetsa phazi, ndinamuuza za bondo la a Chikopa. Anamvetsera, anagwedeza mutu, kenako ananyamula mayi wina wa mwana kumsana n'kunyamuka. Ndinaima pamenepo mtima uli m'mwamba mpaka kulira kwa injini kunazimirira kuseri kwa chitunda.

Ndinasenza chikwama pamutu n'kuuyamba wapansi, dzuwa likuswa mtengo, phazi la zala zitatu likuwawa pa mwala uliwonse, maso anga ali m'ngalande za mbali zonse ziwiri. Munalibe munthu. Ndinafika mphatso zitaperekedwa kale, mchemwali wanga akundikalipira kuti ndimachita dala, ndipo ndinangokhala pansi pakhonde n'kupempha madzi akumwa.